Malume Wakunja

Mawu oyamba a Chikoreya amene akapitao a ku Ruda anawamva anali dzina la chibale, ndipo sanawakonde. Mzime wawo ndiye anawauza pa foni usiku wina, ali m'miyezi yake yoyamba yophunzira chilankhulocho. Anati kumeneko mlongo wa amayi, ndiye kuti malume, amatchedwa oesamchon, ndipo kachidutswa koyambirira ka mawuwo, oe, kamatanthauza kunja. Agogo obereka amayi nawo ndi agogo akunja, ndipo kwawo kwa amayi ndi nyumba yakunja. Akapitao anakhala duu, mpaka mwanayo anayesa kuti netiweki yathawa monga imachitira m'chigwa cha Honde mvula ikatsika m'mapiri. Kenaka anafunsa kuti, "Amayi, malume akakhala wakunja, nanga m'katimo muli yani?"

Mwanayo anaseka, koma funsolo silinali nthabwala. Banja lawo linakhala nalo zaka zonse popanda wolitchula, ndipo ndi lomwelo limene linadzakhala mutu wa kafukufuku amene anamupatsa digiri ya udokotala.

Akapitao anabadwira ku Thyolo, m'mudzi wotsamira esiteti, ndipo dzanja lawo linadziwa kuthyola masamba awiri ndi kansonga lisanadziwe kugwira pensulo. Tiyi wa m'chigwa cha Honde ndi mwana poyerekeza ndi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje. Makampani anayamba kudzala kumeneko m'zaka za m'ma 1950, pamene ku Chipinge a Tanganda anali atadzala kale kuyambira m'zaka za m'ma 1920. Minda yatsopano inkafuna anthu odziwa kudulira ndi kuthyola, ndipo anthu otero anali ku Nyasaland. Iwo anawoloka Zambezi pa Tete ali mnyamata, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitangotha mu 1963, atalonjeza amayi awo kuti pakatha zaka ziwiri abwerako ndi njinga ndi makina osokera. Njinga anaigula. Ulendo wobwerera ndiwo unakanika, monga unakanikira anthu zikwizikwi amene kwawo anawatcha matchona, ndipo Ashona anawatcha Mabhurandaya, popotoza dzina la Blantyre. Anali m'chigwamo mu Disembala 1976 pamene antchito 27 a pa esiteti ya Aberfoyle anaomberedwa usiku umodzi, nkhondo ili pachimake. Za usiku umenewo sakamba, ndipo ana awo anaphunzira kusafunsa.

Anakwatira Mmanyika wa m'chigwa momwemo, mtsikana amene ankabwera ndi dengu la nthochi pa geti la fakitale tsiku la malipiro. Roora, malowolo a kumeneko, analipira pang'onopang'ono kwa zaka zoposa khumi, ndipo kope limene ankalembamo malipirowo akulisungabe m'chitini cha mabisiketi. Anakwera kuchoka pa wothyola kufika pa kapitao woyang'anira sikelo. Koma nyumba ya pa komboni ndi ya esiteti, ndipo tsiku limene munthu wapuma ntchito ndi lomwe amayamba kumanga katundu. Mlendo alibe munda m'dziko la mafumu a eni. Alongo a mkazi wawo ndiwo anawadulira kamalo pa chitunda china pafupi ndi Ruda, nati mangani apa. Anthu a m'mudzimo ankanong'onezana kuti ndi mugariri, mawu amene Ashona amanenera mwamuna wokhala kwa apongozi chifukwa cholephera ng'ombe. Akapitao ankamva, koma sankaona pamene panali chitonzo. Bambo awo anali mkamwini, agogo awo anali mkamwini. Atazungulira zaka makumi anayi, iwo ankaona kuti angofika pamene mwamuna amayenera kukhala.

Vuto linali pa ana. Kwa Amanyika mwana ndi wa bambo. Mutupo, umene ufanana ndi mfunda, amautenga kuchimuna, ndipo ng'ombe zikalowa m'khola la apongozi ana ndi a mwini ng'ombe. Kwa Amang'anja ndi Alomwe a ku Thyolo, monganso kwa Achewa a ku Dedza ndi ku Katete, mwana ndi wa kuchikazi. Mwinimbumba ndi malume, ndipo bambo ndi mlendo wolemekezeka. Masamu awiriwa akakumana m'nyumba imodzi, zotsatira zake zimadalira mbali imene yabweretsa mkazi. Mayi wa ku Thyolo akakwatiwa ndi Mmanyika, mbali zonse ziwiri zimalimbirana ana. Bambo wa ku Thyolo akakwatira Mmanyika, mbali zonse ziwiri zimakankhirana ana mwaulemu, uyu akuti ndi anu, uyo akuti ndi anu. Palibe amene anadana ndi ana asanu a akapitao. Ankadya kulikonse ndi kugona kulikonse. Kungoti pa mlandu, pa chinkhoswe kapena pa maliro pankasowa munthu woimirira n'kunena kuti awa ndi anga.

Boma nalo linali ndi masamu ake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Pulezidenti Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare, mu Harare, kuti ndi opanda mitupo, ndipo aliyense wa pa komboni anadziwa amene ankanenedwa. Mu 2001 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la unzika, ndipo olembera anthu analitanthauzira kuti aliyense amene kholo lake linabadwira kunja akakane unzika wa dziko la khololo, ngakhale sanaupemphepo, ngakhale sanapondepo m'dzikomo. Ambiri a m'maesiteti sanamve n'komwe kuti pali tsiku lomaliza. Mzime atakwanitsa zaka 16 anakatenga chitupa, ndipo chinatuluka ndi mawu akuti ALIEN. Nambala ya chitupa cha ku Zimbabwe imathera ndi manambala awiri osonyeza dera la kwawo kwa munthu, potsata kuchimuna. Yake inathera ndi 00. Amayi ake, obadwira m'boma la Mutasa monga makolo awo onse, sanawerengedwe. Malamulo aakulu atsopano a mu 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, ndipo ngakhale pamenepo anayenera kuima pamzere kangapo kuti mawu aja afufutidwe.

Pa yunivesite, ku Harare, anaphunzira za zilankhulo m'zaka zimene ndalama ya dzikolo inkasungunuka ili m'manja. Pa digiri yachiwiri anabwerera kumakomboni a Honde ndi a Chipinge ndi kope ndi chojambulira mawu, kukamvetsera mmene ana obadwira kumeneko amatchulira abale awo. Chichewa anachipeza chamoyo m'mapemphero a CCAP, pamaliro ndi pabwalo la gule, koma china chinali chitaguluka pansi pake. Mwana wolankhula Chichewa bwinobwino akafika pa mlongo wa amayi ake ankati sekuru, akafika pa mlongo wa bambo ake ankati tete. Mawu akuti mtsibweni ndi mwinimbumba ankawadziwa okalamba okha. Atamaliza anapeza ganyu yophunzitsa, yolipidwa pa ola, malipiro ake obwera teremu itatha.

Sanapite ku Korea chifukwa chokonda mafilimu kapena nyimbo za kumeneko. Anapita chifukwa ndi kumene kunali ndalama, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepa. Akatswiri ambiri a m'chigawo chino, akanati anene zoona, akanavomera kuti anasankha maphunziro awo chifukwa cha khomo limene linali lotsegula chaka chimenecho. Boma la South Korea lakhala likupereka thandizo la maphunziro kwa alendo kuyambira mu 1967, ndipo masiku ano thandizolo limatchedwa Global Korea Scholarship. Limalipira ndege, fizi ndi ndalama ya mwezi, koma limayamba ndi chaka chathunthu cha chilankhulo, ndipo amene sanafike pa gawo lachitatu la mayeso a TOPIK sapitirira ku digiri. Pamapepala ofunsira malowo panali chinthu chimodzi chimene anzake ankachiona chopepuka: umboni wa unzika wa wofunsirayo ndi wa makolo ake. Cholinga chake n'kungotsimikiza kuti palibe Mkoreya pakati pawo. Koma akapitao analibe pepala lamoyo losonyeza kuti ndi nzika ya dziko lililonse. M'chitini muja munali chitupa cha nthawi ya Rhodesia ndi chitupa cha ALIEN, basi.

Anawapulumutsa ndi mlongo wawo wa ku Thyolo, amene anasiyana naye ali kamtsikana. Azakhaliwo anapita kwa anyakwawa, kuchoka apo kwa agulupu, mpaka kuboma, ndipo kalata yodindidwa inabwera m'thumba la kondakitala wa basi yodzera ku Mwanza, Zobue, Tete ndi Nyamapanda. Ndi kalata imeneyo akapitao anapita ku Harare nakapeza chikalata chotsimikiza kuti ndi Mmalawi. Mzime anaiwerenga kalatayo kawiri. Inkati mwamunayu ndi mwana wa mayi wakutiwakuti, mdzukulu wa mayi wakutiwakuti, wa mbumba yakutiyakuti. Dzina la bambo awo linalembedwa kumapeto, ngati lokumbukiridwa mochedwa.

Malo atapezeka panatsala chilolezo cha abale, ndipo apa masamu aja anachita zoseketsa. Anagwada pakhonde nati, "Ababa, ndipite?" Iwo anati, "Amayi, ine ndilibe mawu pa mbumba ya eni. Kafunseni amalume anu." Anatsikira kwa sekuru wamkulu, mlongo wa amayi ake, naomba m'manja monga mwa mwambo. Iwo anati, "Muzukuru, ife tinadya ng'ombe. Mwana wa mwini sitingamutume kutsidya kwa nyanja. Funsa bambo ako ndi atete ako." Anaimbira azakhali ku Thyolo, ndipo anayankha kuti, "Mwana wa achimwene ndi wa kwa amake. Ine changa n'kupemphera." Amayi ake sanafunsidwe ndi aliyense. Anangomumangira mfutso ndi botolo la chiponde, namuuza m'Chimanyika kuti anyamuke msanga asanapezeke womukaniza.

Ku Seoul anapeza kuti maphunziro a za banja ndi jenda a kumeneko anakulira m'khoti asanalowe m'kalasi. Lee Tai-young, mkazi woyamba kukhala loya m'dzikomo, anatsegula ofesi yolangiza amayi za malamulo mu 1956, ndipo anatha moyo wake wonse akulimbana ndi lamulo la mabanja. Yunivesite ya akazi ya Ewha inayamba kuphunzitsa za amayi mu 1977 n'kutsegula dipatimenti ya digiri yachiwiri mu 1982. Chaka chotsatira boma linakhazikitsa bungwe lake lofufuza nkhani za amayi. Chimene onsewa ankalimbana nacho chinali hoju. Banja lililonse linkalembedwa m'kaundula pansi pa mutu mmodzi, ndipo umutuwo unkatsika kuchimuna: mwana wamwamuna, mdzukulu wamwamuna, akazi pambuyo. Bambo akamwalira, kamnyamata ka zaka zitatu kankatha kukhala mutu wa amake ndi agogo ake. Mkazi akakwatiwa ankachotsedwa m'kaundula wa bambo ake n'kulembedwa mwa mwamuna wake. Ukwati ukatha, ana amene akuwalera yekha ankatsalabe m'kaundula wa bambo wawo. Mpaka mu 1998 mwana wa mayi wa Chikoreya ndi bambo wachilendo sankatenga unzika wa amake. Khoti loona za malamulo aakulu linagamula mu Febuluwale 2005 kuti hoju ikusemphana ndi malamulowo, Nyumba ya Malamulo inaichotsa mwezi wotsatira, ndipo kaundula watsopano, wa munthu aliyense payekha, unayamba pa 1 Januwale 2008. Lee Tai-young anali atamwalira mu 1998.

Anzake a m'kalasi ochokera ku Ulaya ankawerenga zimenezi ngati mbiri ya dziko lachilendo. Iye ankawerenga chitupa chake chakale. Kaundula wa hoju anali ndi mzere wotchedwa bonjeok, malo amene banja la kuchimuna linalembetsedwa, ndipo munthu ankayenda nawo kulikonse ngakhale sanagonepo kumeneko. Pamzere umenewo ndi pamene iye anapatsidwa 00. Ankakumbukiranso kuti mu 1999, Akoreya ali m'kati mwa nkhondo yawo, khoti lalikulu la Zimbabwe linagamula pa mlandu wa Magaya kuti Venia Magaya, mwana woyamba wa bambo ake, sangalowe m'malo mwawo pa chuma chifukwa ndi mkazi, ndipo oweruza anati akutsata mwambo.

Chimene chinamutembenuza, komabe, chinali mneni wamba. M'Chikoreya mkazi akakwatiwa amati sijip gada, kupita kunyumba ya apongozi ake, ndipo izi sizinamudabwitse, poti ndi chitengwa. Koma mwamuna akakwatira amati jangga gada, ndipo mawuwo akawamasula amatanthauza kupita kunyumba ya makolo a mkazi. Anthu amawanena tsiku ndi tsiku popanda kumva chimene akunena, monga Mmalawi amanenera kuti wakwera basi pa siteji osaganiza za kumene mawuwo anachokera. Wophunzira za chilankhulo amadziwa kuti mneni wotere sagwa kumwamba. Anautsata mpaka anafika pa mabuku a Martina Deuchler, amene mu 1992 anasonyeza mmene chiphunzitso cha Confucius chinasinthira banja la Chikoreya, ndi a Mark Peterson, amene mu 1996 analemba za chuma chamasiye ndi za kutenga mwana wa m'bale kuti akhale wolowa m'malo. M'nthawi ya ufumu wa Goryeo, ndi m'zaka zoyambirira za ufumu wa Joseon umene unayamba mu 1392, mkwati ankakhala kwa mkazi, ana ankakulira kwa amalume awo, ndipo ana aakazi ankagawana chuma mofanana ndi alongo awo. Zinatenga zaka mazana awiri ndi kupitirira kuti akuluakulu a boma akhotetse mwambowo, ndipo unakhota kwenikweni m'zaka za m'ma 1600. Umboni wina anali nawo m'chikwama. Pa ndalama ya 50,000 won pali nkhope ya Shin Saimdang, amene anakhala zaka zambiri za ukwati wake kwa makolo ake ku Gangneung. Mwana wake Yi I, katswiri wa chiphunzitso cha Confucius amene ali pa ndalama ya 5,000 won, anabadwira m'nyumba ya kuchikaziyo mu 1536.

Usiku umenewo anaimba ku Ruda. "Ababa, kunonso kunali chikamwini." Akapitao anaseka mpaka kutsokomola, nafunsa kuti, "Nanga chinapita kuti?"

Kuyankha funso limenelo kunamutengera zaka zinayi, ndipo kunamubwezera kumabuku a kwawo amene anali atawawerenga mothamanga. Kings Phiri analemba mu 1983 za mmene banja la kuchikazi la Achewa linasinthira kuyambira m'zaka za m'ma 1800, pofika Angoni, amishoni, msonkho ndi ntchito ya kumigodi. Martin Chanock anasonyeza mu 1985 kuti zambiri zimene makhoti a atsamunda ku Malawi ndi ku Zambia ankazitcha mwambo zinaumbidwa m'makhoti momwemo, akuluakulu aamuna akuuza azungu zimene zinkawakomera. Ku Korea, Yang Hyunah ananena zofanana za hoju: kuti zimene oiteteza ankati ndi mwambo wa makolo zinali ndi chidindo cha Japan, amene analamulira dzikolo kuchokera mu 1910 kufika mu 1945. Phindu lenileni la ulendo wake linali pamenepa. Kwa zaka zambiri banja la kuchikazi la ku Africa lakhala likuyesedwa ndi muyeso umodzi, wa banja la Angerezi, ndipo pa muyeso umenewo limaoneka ngati chodabwitsa chofuna kufotokozedwa. Audrey Richards mu 1950 anachita kulitcha mwambi wovuta kumasula. Likaikidwa pambali pa mbiri ya Korea silionekanso chodabwitsa. Limaoneka njira imodzi mwa njira zimene anthu akhala akutsata, imene boma, chipembedzo ndi kaundula zingathe kuikhotetsa, ndipo mwina kuiwongolanso.

Anaterereka kamodzi, ndipo kuterereka kwake n'kofala. Pa semina ina anafotokoza za mbumba monyadira, ngati dziko limene akazi amalamulira. Anatero potopa ndi anthu amene akamva za Africa amangoganiza za mitala ndi malowolo. Mphunzitsi wina wachikulire, amene anaguba nawo pa nkhondo ya hoju, anamvetsera mpaka kumapeto nafunsa kuti mwinimbumbayo ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo fodya kapena tiyi akagulitsidwa ndalama imalowa m'thumba la yani. Mzime anakumbukira amayi ake, amene sanafunsidwe ndi aliyense za ulendo wa mwana wawo. Mutu umodzi wa kafukufuku wake anaulembanso wonse.

Digiri anailandira. Tsono ntchito. Ophunzira amene amaona zikalata zoitanira anthu ku Korea ayenera kudziwa kuti khomo lolowera ndi lalikulu kuposa chipinda chimene chili kuseri kwake. Mu 2023 chiwerengero cha ana amene mayi wa ku South Korea amabereka pa moyo wake chinatsika kufika pa 0.72, chochepetsetsa pa dziko lonse, ndipo mu 2024 chinakwera pang'ono kufika pa 0.75. Zimenezi zimakoka mbali ziwiri. Boma likufuna kafukufuku wa za ukwati, kulera ana, ukalamba ndi mabanja a akazi okwatiwa kuchokera ku Vietnam, China ndi Philippines, amene ali ndi lamulo lawolawo kuyambira mu 2008, choncho ndalama ya mapulojekiti ilipo. Koma ana osabadwawo ndiwo akanadzaza makalasi, ndipo mayunivesite a kunja kwa Seoul akusowa ophunzira, ena akutsekedwa. Lamulo la mu 2019 linati mphunzitsi waganyu azipatsidwa kontilakiti yosachepera chaka, ndipo mayunivesite ambiri anayankha pochepetsa aganyuwo, moti zikwi zingapo zinataya ntchito. Mlendo amene waphunzira banja la Chikoreya amapikisana ndi eni banjalo m'chilankhulo chawo. Kawirikawiri amapeza kuti akufunidwa ngati Mwafrika, kuti akalankhule za Africa. Yunivesite ya Hankuk, ya zilankhulo zakunja, imaphunzitsa Chiswahili, Chizulu ndi Chihausa, ndipo munthu wa Chichewa ndi Chishona amangodutsa pakhomo.

Kumudzi nako sikophweka. Bungwe la Korea Foundation ndi Academy of Korean Studies amathandiza mayunivesite akunja kutsegula maphunziro a za Korea, ndipo Yunivesite ya Nairobi inatsegula, koma malo otero mu Africa ndi owerengeka, ndipo ambiri amafuna mphunzitsi wa chilankhulo. Madipatimenti a jenda alipo: ku Makerere kuyambira mu 1991, ku Cape Town kuyambira mu 1996, ndi ku Women's University in Africa imene Hope Sadza ndi Fay Chung anayambitsa ku Zimbabwe mu 2002. Koma oyesa ofunsira ntchito akaona mawu akuti Korea pa chikalata amafunsa kuti atithandiza chiyani kuno, ndipo mabungwe opereka ndalama amafuna lipoti la masabata asanu ndi limodzi, osati mbiri ya mneni. Mu 2025 aphunzitsi a pa yunivesite yaikulu ya boma ku Harare ananyanyala ntchito kwa miyezi chifukwa cha malipiro osafika pa lendi. Mzime wakhala akuyenda ndi makontilakiti a chaka chimodzichimodzi pa pulojekiti ya kafukufuku ku Seoul, kuyambira Malichi kufika Febuluwale. Amalemba bwino, ndipo nkhani yake ya mawu achibale inasindikizidwa. Inanenanso za kabuku kamene bungwe la boma loona za Chikoreya linatulutsa mu 2020, kolangiza kuti ana asamati agogo akunja ndi agogo enieni, koma aziwatchula ndi dzina la kumene akukhala. Ana a ku Malawi akhala akuti agogo a ku Thyolo kuyambira kale popanda kabuku.

Amayi ake anamwalira mu 2021, mliri wa Covid-19 utatseka njira, ndipo maliro anawaonera pa foni ya mchemwali wake, chithunzi chikuduka. Patatha chaka Amanyika anachita mwambo wawo wa kurova guva, wobwezera mzimu pakhomo. Akapitao anakhala pa mphasa tsiku lonse, atavala jekete, akudikira. Kwawo mkazi akamwalira ndipo nthawi ya maliro yatha, eni mbumba amamusudzula mkamwini, kumuuza pagulu kuti ntchito wagwira, mlandu alibe, ndipo ndi womasuka kubwerera kwa amake. Anthu anamwa mowa, anaimba, anabalalika, ndipo palibe ananena mawuwo chifukwa palibe amene ankawadziwa. Iwo sanadandaule kwa aliyense. Anangosiya kudzala mitengo yatsopano, ndipo denga la khitchini litayamba kudontha anakana kuti likonzedwe. Ana a ku Mutare ndi a ku Johannesburg ankati ndi ukalamba.

Mzime ndiye anazindikira, atabwera patchuthi cha Khirisimasi, ataona chitini chija chili m'sutikesi yomangidwa kale pansi pa bedi. Anapita kwa sekuru wamkulu nawafotokozera. Iwo anadabwa, kenaka anakhumudwa. "Muzukuru, tingathamangitse bwanji munthu amene analipira zonse? Akutiyesa anthu otani?" Zinamutengera masiku atatu kuti awamvetse kuti kusudzula si kuthamangitsa. Tsiku lachinayi anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, foni ili pa mpando pakati, azakhali a ku Thyolo akumvetsera. Azakhaliwo ananena mosabisa kuti munda wa amayi awo unagawidwa kale kwa ana aakazi ndi adzukulu, koma malo kumanda alipo.

Sekuru anayesa komaliza. "Mukuwasha, pano ndi panu. Mupita kuti pa msinkhu uwu?"

Akapitao anayankha m'Chimanyika chawo cha pa esiteti kuti, "Sindinanene kuti ndikufuna kupita. Ndikufuna mundiuze kuti ndingathe kupita."

Sekuru anayang'ana mdzukulu wawo, ndipo iye anawanong'oneza mawu a Chichewa limodzilimodzi, iwo akubwereza mopunthwa. Takusudzulani. Mwatisungira mlongo wathu. Mlandu mulibe. Pa foni azakhali analulutira, mawu akuduka ndi netiweki.

M'mawa mwake akapitao anatuma mdzukulu ku Hauna kukafunsa mtengo wa malata asanu ndi limodzi. Mzime anakwera pamwamba pa chitunda, pamene foni imagwira bwino, kukayankha uthenga wa mkulu wa pulojekiti, amene ankafuna kudziwa lisanathe sabata ngati asayinenso chaka china. Atatsika anapeza bambo ake akukumba dzenje la mbande ya nthochi.

"Mwawayankha chiyani, amayi?"

"Ndavomera, ababa. Mpaka Febuluwale wa chaka chinacho."

Iwo anapitiriza kukumba, ndipo patapita kanthawi anafunsa ngati kumeneko kuli munthu wodziwa kusudzula.